Mukumangofa 1903 isanathe? Tiyeni tione pamene pakudontha

Mphwanga wina wa ku Chibavi ananditumizira uthenga wodandaula za masewera a Diplomacy usiku wina mwezi wa June, kukuzizira kwa kuno ku Mzuzu kuja koti foni umaigwira ndi dzanja limodzi, linalo lili m'bulangeti. "Achimwene, masewera anuwa ndawasiya. Kachinayi tsopano, ikamakwana 1903 ine ndatha kale. Anthu a m'menemu ndi afiti." Ndinamuuza kuti asanayambe kutchula anthu ufiti, anditumizire mapu a ndime iliyonse ya masewera anayi onsewo, ndi mauthenga omwe. Loweruka lake tinakhala pakhonde kwathu ku Katoto ndi tiyi, n'kumatsegula chimodzichimodzi. Pa anayiwo, amodzi okha ndi amene munthu anamuyendadi pansi. Atatu enawo anadzipha yekha, koma iye sankadziwa.

Dandaulo limeneli ndalimva kambirimbiri kwa anthu amene angoyamba kusewera Diplomacy pa intaneti, ndipo nanenso ndinkalira chimodzimodzi. Kwa amene mukungowamva kumene, awa ndi masewera amene anapanga Allan Calhamer wa ku America, ndipo anatuluka pamsika mu 1959. Mapu ake ndi a ku Ulaya nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke, kusewera kumayambira mu Spring 1901, ndipo zaka za m'masewera, monga 1903 ija, zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Osewera ndi 7: England, France, Germany, Italy, Austria, Russia ndi Turkey. Pa mapupo pali malo 34 okhala ndi kadontho, ife timangoti madontho, ndipo wogwira 18 ndiye wapambana. Aliyense amayamba ndi atatu kupatula Russia amene amayamba ndi anayi, 12 otsalawo alibe mwini. Dontho lililonse limakupatsa msilikali mmodzi kapena chombo chimodzi. Mulibe madayisi ngati m'masewera ena aja a Risk, moti tsoka simungalinamizire. Asilikali onse mphamvu zawo n'zofanana, ndipo osewera onse amalemba maoda, kutanthauza zoti msilikali aliyense achite, mobisa n'kuwaulula nthawi imodzi. Ndiye ukafa msanga, chifukwa chake chimakhala cholembedwa penapake. Chongofunika ndi kuchifufuza mwa dongosolo, kuyambira pa zotchipa.

Kodi maoda anu anafika n'komwe?

Tsegulani mbiri ya maoda ya masewera amene munafawo. Ngati pali ndime imene asilikali anu onse anangoima pamene anali inu musanafune, vuto si anzanu ayi, ndi magetsi, netiweki kapena tulo. Osewera amati NMR, kutanthauza kuti nthawi inatha maoda ako asanalowe. Mwa masewera anayi a mphwangayu, awiri anali ndi chilema chimenechi.

Anthu amachipeputsa poganiza kuti kuima ndime imodzi si kanthu. Koma taganizani, chaka chili ndi ndime ziwiri zokha zoyenda, Spring ndi Fall. Mukaphonya Fall 1901, anzanu onse atola madontho opanda mwini aja, wina awiri wina limodzi, inu mwatsala ndi atatu omwe aja. Choopsa kuposa apo n'chakuti aliyense waona. Mnansi amene ankakayika kuti adye ndani pakati pa inu ndi wina, tsopano wapeza yankho. Munthu wosalemba maoda ali ngati mango akugwa okha, palibe amene amadziimba mlandu powatola.

Ine zinandionekera ndili France, ndili ndi madontho 7, zinthu zikukoma. Magetsi anazima cha m'ma 4 koloko madzulo, foni ili pa 6 peresenti, ndinati abwera posachedwa. Sanabwere. Ndinathamangira ku kashopu kometera tsitsi kokhala ndi sola, foni ikamadzayaka nthawi inali itadutsa ndi mphindi zochepa chabe. Tsoka lake inali ndime yothawitsa, ndipo chombo changa chimene chinali chitachotsedwa pamalo pake chinangofafanizidwa. Lamulo limatero: msilikali wogonjetsedwa ukapanda kumuuza kothawira, amachotsedwa pa bolodi. Ndime yomanga, imene umaikira asilikali kapena zombo zatsopano, nayonso ukaiphonya, sumanga kanthu ngakhale uli ndi madontho owonjezera, ndipo umadikira chaka chathunthu.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ndime yatsopano ikangotseguka, lembani maoda nthawi yomweyo, ngakhale musanayankhule ndi munthu, n'kuwasunga. Akhale maoda osamala, oti ngakhale mutasowa mpaka mawa sakuphetsani. Mukakambirana ndi anzanu mudzawasintha. Pa webDiplomacy, tsamba la pa intaneti losewererapo masewerawa, pali mabatani awiri, Save ndi Ready, ndipo si amodzi. Save amasunga maoda, Ready amauza makinawo kuti inu mwamaliza, moti onse akadina Ready ndime imatha nthawi isanakwane, uthenga umene mumaudikira uja n'kudzafika madzi atapita kale. Mukasunga, tsegulaninso tsambalo muone ngati zalowadi, chifukwa netiweki ikamadukaduka batani limatha kuoneka ngati ladinika pamene palibe chapita. Onaninso bandulo yanu. Masewerawa sadya zambiri, koma bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula tsamba, ndipo ambiri amazindikira zimenezi kwatsala mphindi khumi.

Musalowe masewera othamanga a mphindi 5 kapena 10 pa ndime ngati mulibe magetsi odalirika. Sankhani a tsiku limodzi kapena awiri. Za nthawi nazo samalani. Ife tili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndi maola awiri chaka chonse, koma a ku Ulaya amasintha mawotchi mu March ndi mu October. Wa ku London amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi nyengo ina, maola awiri nyengo ina, wa ku New York maola 6 kapena 7. Akanena kuti tikambirana madzulo, mufunseni madzulo a ndani.

Sapoti ija inapita kuti?

Ngati maoda anafika onse, yang'anani masapoti. Apa ndiye pamene anthu amada anzawo popanda mlandu. Popeza asilikali onse ndi ofanana mphamvu, mmodzi akakumana ndi mmodzi amangogundana, aliyense n'kutsala pamene anali. Kuti ulande malo umafunika wina akuthandize, mukhale awiri pa mmodzi, ndipo thandizo limenelo ndiye sapoti. Masewera onse agona pamenepa, ndipo njira zoti sapoti ife zilipo zingapo.

Yofala kwambiri ndi kudulidwa. Tiyerekeze ndinu France, mukufuna kulowa ku Burgundy. Msilikali wa ku Paris akupita, wa ku Marseilles akumupatsa sapoti. Germany nayenso akutumiza wa ku Munich komweko. Awiri pa mmodzi, mwalowa. Koma ngati Italy ali ndi msilikali ku Piedmont n'kumuuza kuti alowe ku Marseilles, ngakhale sangalowe, wa ku Marseilles uja watanganidwa ndi kudziteteza ndipo sapoti yake yafa. Ku Burgundy kwatsala mmodzi pa mmodzi, mwagundana. Tsono ngati wopereka sapotiyo anali mnzanu osati inu, n'zosavuta kuganiza kuti wakunamizani, pamene iye analemba zoona koma wina anamugogoda pakhomo. Pa mapu izi zimaoneka bwinobwino, kungoti munthu wokwiya sawerenga mapu.

Pali kamfundo kamodzi pa lamuloli kamene ambiri sakadziwa. Msilikali amene akuukiridwayo sangadule sapoti yolunjika kwa iye mwini. Ngati wa Germany ali kale ku Burgundy, ndipo inu mukumuukira kuchokera ku Paris ndi sapoti ya Marseilles, iye kungogogoda ku Marseilles sikumupulumutsa. Afunika wina wochokera mbali ina.

Chachiwiri, sapoti iyenera kufanana ndendende ndi zimene mnzanuyo walemba. Mukalemba kuti mukuthandiza Munich kupita ku Burgundy, iye n'kupita ku Ruhr, sapoti yanu yagwera m'madzi. Mukalemba kuti mukumuthandiza kuima pamene ali, iye n'kuyesa kuyenda, ngakhale ayende n'kubwerera pomwepo, sapoti yoimayo sigwira. Cholakwa chimenechi n'chimene chinapha mphwanga m'masewera achitatu. Anagwirizana ndi Germany mwachisawawa, "ndithandize ku Belgium", osanena kuti akuchokera kuti komanso ndani akulowa. Aliyense anaganiza kuti wolowa ndi iye. Anagundana okhaokha, England n'kumaseka. Mphwangayo anamutukwana Germany usiku womwewo, ndipo pofika 1902 Germany anali atapeza bwenzi lina. Polembana za sapoti, lembani oda yeniyeniyo monga mmene idzaonekere pa makina, mnzanuyo ayankhe kuti waona.

Chachitatu, sungapereke sapoti kumalo kumene iwe mwini sungathe kupitako. Chombo cha ku Brest sichingathandize aliyense ku Paris, chifukwa Paris ilibe nyanja. Ndipo Spain, Bulgaria ndi St Petersburg ali ndi magombe awiriawiri. Chombo chikaima ku gombe la kumpoto la Spain sichingafike ku Marseilles kapena ku Gulf of Lyon, pamene cha ku gombe la kummwera chingathe. Pa foni yaing'ono, chala chozizidwa chimasankha gombe lolakwika mosavuta, ndipo kukonza kwake kumadya ndime ziwiri.

China chimene chimasokoneza atsopano: dontho limakhala lako pokhapokha uli pamenepo Fall ikamatha. Kulowa mu Spring n'kutuluka mu Fall ndi kungodutsa ngati mlendo. Ndipo kumanga kumatheka pa madontho akwanu okha amene unayamba nawo, ali m'manja mwako komanso opanda munthu. Ndaonapo munthu atalanda madontho awiri n'kulephera kumanga ngakhale mmodzi chifukwa asilikali ake omwe anakhalira nyumba zonse.

Munalembera anthu angati?

Apa ndiye pagona nkhani. Ndinamufunsa mphwangayu kuti masewera asanayambe analembera anthu angati. Anati awiri. Ndinawerenga mauthengawo. Woyamba unali moni ndi mawu oti tikhale pamtendere. Wachiwiri unali womwewo, wokopera.

Ife tinakulira pa bawo ndi drafuti, pamene katswiri ndi amene amakhala duu, maso pa bolodi, kuwerenga nkhomo mumtima. Chizolowezi chimenechi mu Diplomacy chimaphetsa. Kumadzulo kuli anthu atatu, England, France ndi Germany, ndipo kawirikawiri awiri amagwirizana n'kudya wachitatu. Kummawa kuli Austria, Russia ndi Turkey, Italy ali chapakati, nkhani yake ndi yomweyo. Funso la chaka choyamba ndi limodzi: wachitatuyo akhala ndani? Anthu awiri akamacheza ndime yonse, wosayankhula uja ndiye ndiwo. Sikuti amamuda. Kungoti sakumudziwa, ndipo munthu wosamudziwa savuta kumudya.

Choncho lemberani onse 6 ndime yoyamba isanathe, ndipo uthenga uliwonse ukhale ndi kanthu kogwirika. Mawu oti mtendere alibe phindu chifukwa palibe poyesera ngati asungidwa. Tchulani malo. England ndi France amakonda kupangana kuti English Channel ikhale yopanda chombo. France ndi Germany amakambirana za Burgundy, France ndi Italy za Piedmont, Austria ndi Russia za Galicia, Russia ndi Turkey za Black Sea. Ku Black Sea ambiri amachita kupangana kuti zombo za ku Sevastopol ndi Ankara zigundane dala, kuti pasakhale wolowa ndipo pasakhale wofunika kukhulupirira mnzake. Belgium ndiye nyama imene atatu a kumadzulo amakanganirana, ndipo amene wayamba kunena kuti ikhale ya uje posinthana ndi chakuti amakhala ndi mawu pa nkhaniyo.

Tikamasewera tokhatokha, uthenga wabwino, tinene wa France kwa England, umamveka chonchi: "Akulu, ine Channel sindilowamo, inunso musalowemo. Belgium tengani chaka chino, ndikupatsani sapoti kuchokera ku Burgundy mu Fall. Ine ndikufuna Spain ndi Portugal basi. Germany wakuuzani zotani?" Muli pangano loti mawa lionekera pa mapu, muli mphatso, muli zofuna zanu, ndipo muli funso loti ayankhe. Mukamasewera ndi akunja musachite manyazi ndi Chingerezi chanu. Ambiri mwa iwo nawonso si chiyankhulo chawo, ndipo ziganizo zitatu zomveka zimaposa tsamba lonse la mawu okometsera.

Mwina mukuti, ine England ndilembere Turkey za chiyani, tili kutali chonchi? Chifukwa nonse muli ndi Russia pakati panu. Zimene Russia akuchita kummwera zimakuuzani ngati ali ndi mphamvu zolimbirana nanu Norway. Komanso anthu akutali ndi amene amaulula zinsinsi mosavuta popeza sakuopani. Khoswe wa padenga uja anaulula wa padzala. Nkhani zambiri zimene zinandipulumutsapo ndinazimva kwa munthu wa kutsidya lina la mapu.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Sweden. Chombo cha Russia chimachoka ku St Petersburg kupita ku Gulf of Bothnia mu Spring, kuti chilowe ku Sweden mu Fall. Germany akaika chombo ku Denmark angathe kuchigunda kuti chisalowe. Ndiye Austria wochenjera amapempha Germany kuti auze Russia: ukaponda ku Galicia, Sweden uiwale. Apa Austria watetezedwa ndi chombo chimene si chake, chili kutali ndi kwawo, popanda kusuntha msilikali ngakhale mmodzi. Munthu wosayankhula zimenezi sangazipeze.

Mu 2022 kampani ya Meta inatulutsa pulogalamu yotchedwa Cicero imene inasewera masewera 40 pa webDiplomacy ndi anthu, n'kukhala m'gulu la 10 peresenti ya pamwamba mwa amene anasewera koposa kamodzi. Mapulogalamu opambana anthu pa chess analipo kale zaka zambiri izi zisanachitike. Chimene chinachedwetsa pa Diplomacy ndi kucheza kumene, kulemba uthenga woti munthu auwerenge n'kuvomera. Ngati makina anachita kuphunzira kuyankhula kuti apikisane, inu ndi ine tilibe chonamizira. Amene kucheza kumakutopetsanidi, pali mtundu wotchedwa gunboat umene mauthenga ndi oletsedwa. Pitani kumeneko, koma musalowe m'masewera a mauthenga n'kumasewera ngati gunboat.

Ndipo munthu akakuukirani, musatseke pakamwa, musatukwanenso. Amene wakudyani dontho lero, mawa angapezeke kuti nayenso wina wamulowera kumbuyo, n'kumafuna mtendere ndi inu. Ukayenda umasiya phazi, osati mlomo. Uthenga wa mphwanga kwa Germany uja ndinauwerenga kawiri, ndipo ndikanakhala Germany nanenso ndikanamumaliza.

Nanga akakuyendanidi pansi?

Zimachitika, ndipo ndi gawo la masewera. Wopambana ndi mmodzi, ndipo madontho 18 sungawapeze osadya a mnzako. Ubwenzi wa m'menemu ndi chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Koma sikawirikawiri kuti chiwembu chibwere popanda zizindikiro.

Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi zimene munthu wamanga. Pakamwa pamanama, koma chombo sichinama. France akamanga chombo ku Brest, maso ake ali pa England. Akachimanga ku Marseilles, ali pa Italy. England akamanga chombo ku Liverpool pamene mdani amene munapangana ali kummawa, France ayambe kudzifunsa. Russia akamanga ku Sevastopol, Turkey asagone. Chaka chilichonse zomanga zikatuluka, tengani mphindi zingapo, muone chilichonse chatsopano n'kufunsa kuti kameneka kangafike kuti m'ndime ziwiri.

Kenako werengani ngati wamalonda. Ndime ya Fall isanatseke, dzifunseni: mnzangayu atanditembenukira lero, angatenge madontho anga angati popanda ine kuletsa? Ngati ndi limodzi, mwina sangadzivute, chifukwa dontho limodzi silikwana kulipira udani. Ngati ndi awiri kapena atatu, mwamuika pa mayesero, ndipo ngakhale munthu wabwino amagwa. Ziwembu zambiri zimagwa mu Fall chifukwa wolandayo amamanga nthawi yomweyo, inu n'kumachotsa asilikali. M'masewera achinayi a mphwanga, amene anamuyendadi pansi aja, anali Turkey, asilikali ake onse atapita kutali kukathandiza Russia kudya Austria. Ankara ndi Constantinople zinali mbee, chombo cha Russia chili ku Black Sea chimene iye mwini anachilola kulowamo. Ndinamufunsa kuti, aise, ukasiya njinga yosakhoma pa Taifa Market tsiku lonse, ukaipeza palibe, ungati anthu a ku Mzuzu ndi afiti?

Onaninso ngati mnzanuyo akadali ndi ntchito. Mdani wa nonse akatha, asilikali ake amakhala manja lende, ndipo amene ali pafupi ndinu. Mgwirizano umakhalitsa ngati musanamalize mdani woyamba mwakambirana kale za wachiwiri, ndipo nonse mukukula mofanana. Kusintha kwa kalembedwe nakonso kumanena kanthu. Munthu amene ankalemba zambiri akayamba kuyankha mawu amodzi, kapena amene ankakangana nanu pa dontho lililonse akayamba kuvomera chilichonse, nthawi zambiri wasiya kusamala za mapangano chifukwa sakufuna kuwasunga.

Mukakayika, simufunika kuyamba ndinu nkhondo. Bwezani msilikali mmodzi kunyumba n'kumuuza mnzanuyo poyera kuti mukungotseka chitseko. Palinso kanjira kokoma kodzigunda wekha. Tinene ndinu Austria, mukuopa kuti Italy alowa ku Trieste kuchokera ku Venice, koma mukufunanso Trieste ikhale yopanda munthu kuti mumangepo. Tumizani wa ku Vienna ndi wa ku Serbia onse awiri ku Trieste. Agundana okhaokha, aliyense atsala pamene anali, ndipo wa Italy akabwera yekha nayenso agundidwa. Chenjezo lake n'lakuti mdani wochenjera angapereke sapoti kwa mmodzi wa asilikali anuwo kuti alowedi, n'kukusiyani mwasuntha pamene simunafune.

Mwina ndi dziko limene mwapatsidwa

Maiko 7 aja si ofanana, ndipo aliyense amene wasewerako akudziwa kuti Austria ndi amene amafa msanga kawirikawiri. Wazunguliridwa ndi Italy, Russia ndi Turkey, ndipo Trieste ndi Venice ndi madontho okhawo akunyumba a maiko awiri osiyana amene agundana malire kuyambira pachiyambi. England ndi Turkey ali m'makona, kuwafikira n'kovuta, moti angalakwitse kangapo n'kukhalabe moyo. Austria akalakwitsa kamodzi, basi.

Mukapatsidwa Austria, ntchito yanu yoyamba ndi Italy. Musonyezeni kopita kwina. Pali njira yodziwika yotchedwa Lepanto, dzina lochokera ku nkhondo ya panyanja ya mu 1571. Italy amatumiza msilikali wa ku Rome ku Apulia, chombo cha ku Naples ku Ionian Sea, mu Fall n'kuolotsa msilikaliyo kupita ku Tunis. Amamanga chombo china ku Naples, ndipo mu 1902 zombo ziwirizo zimapanga mlatho woolotsera msilikali uja mpaka ku Syria, kuseri kwa Turkey. Inu nthawi yomweyo mumatenga Serbia mu Spring, chombo n'kupita ku Albania, mu Fall n'kulowa ku Greece ndi sapoti ya Serbia. Zikayenda, 1901 imatha muli ndi madontho asanu. Italy wopanda pulani amangoona Trieste pafupi n'kulowa, ndipo kawirikawiri nayenso amadzadyedwa ndi Turkey pambuyo pake. Muuzeni zimenezo.

Russia ndi Turkey akagwirizana, osewera amati Juggernaut, ndipo akasiyidwa amakokolola mapu onse kuchokera kummawa. Mukaona zizindikiro zake, liuzeni dziko lonse. Ngakhale musanatsimikize, mphekesera yokhayo imachititsa Germany ndi England kuyang'ana kummawa m'malo moyang'ana inu.

Pali vuto lina la amene apulumuka 1903, loti umafika pa madontho 14 kapena 15 n'kuima osasunthanso. Mapu aja amagawika pawiri, madontho 17 kumpoto ndi kumadzulo, 17 kummwera ndi kummawa, ndipo pakati pali mzere umene anthu ochepa ogwirizana angautseke mpaka kalekale. Wofuna 18 ayenera kukhala ataoloka kale n'kugwira malo ngati Munich, Marseilles, St Petersburg kapena Tunis anzake asanadzidzimuke. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, muyambe mwakhala moyo.

Za kusewera ndi anzanu a m'tauni momwemuno

Ena akatopa ndi kufa amaganiza zolowa masewera amodzi ndi mnzawo wa ku Luwinga kapena wa ku Mchengautuba, atapangana kale kunja kuti sadzadyana. Pa webDiplomacy zimenezi n'zoletsedwa m'masewera a aliyense, chimodzimodzi kukhala ndi maakaunti awiri, ndipo akaunti imatha kutsekedwa. Ngati mukufuna kusewera ndi anzanu, tsegulani masewera anuanu otseka, mukwane 7 odziwana. Kumeneko ndiye kumakoma, chifukwa uthenga umatha kuyamba m'Chichewa n'kuthera m'Chitumbuka, ndipo amene wakuyenda pansi usiku umakumana naye m'mawa pa depoti. Panganani kuyambira pachiyambi ngati kutumizirana zithunzi za mauthenga a wina pa WhatsApp n'kololedwa. Ife tinakuletsa, titaona kuti anthu asiya kulemba momasuka.

Mphwanga uja sanasiye. M'masewera ake achisanu makina anamupatsa Austria, ndipo anandiimbira kudandaula ngati wamva za maliro. Pano ali mu 1905 ndi madontho 6, Italy ali ku Syria, ndipo akuti Germany amamulembera tsiku lililonse. Dzulo cha m'ma 7 koloko usiku anaimbanso. "Achimwene, kwathu azimitsa, foni ili pa 3. Maoda ndinasunga kale m'mawa, koma Turkey wayankha tsopano, akuti akufuna tikambirane za Bulgaria. Ndibwerekeni pawabanki." Ndinaikulunga mu jumbo chifukwa kunali kamvula, n'kumupatsira wa sakaramento, wa njinga ya kabaza uja.